Chitsulo Cholemera

Bambo anga samva bwino masiku ano. Khutu lakumanzere lidagontha kalekale, ndipo lakumanja limangotola mawu a munthu amene wawayandikira n'kufuula ngati akuitana mnzake wa kutsidya kwa mtsinje. N'chifukwa chake nditamva Lachiwiri pa 22 July 2025 kuti Ozzy Osbourne wamwalira, sindidawaimbire foni. Uthenga wa maliro safuula nawo pa foni. Ndidadikira Loweruka, n'kukwera basi m'mamawa ku Harare, ulendo wa makilomita opitirira 200 kupita ku Kwekwe, kuti ndikawauze pamaso monga timachitira akamwalira wachibale.

Mnzanga wina wa kuntchito atamva za ulendowo adaseka mpaka misozi. Adati, "Ukupita kukanena maliro a mzungu wa ku Birmingham kwa mdala wa m'komboni?" Ndidangoti eya, chifukwa yankho lake linali lalitali kuposa nthawi ya tiyi.

Ndidakulira ku Gaika, m'mphepete mwa tauni ya Kwekwe. Tauniyi idamera pa golide. Migodi ya Gaika ndi Globe and Phoenix idayamba m'zaka za m'ma 1890, ndipo pa Globe mpaka lero padakali nyumba ya mapepala ija, Paper House, imene idamangidwa mu 1894. Ku Redcliff kudadza ng'anjo za chitsulo za Zisco, m'tauni momwemo n'kudzanso ng'anjo za Zimasco. Ntchito ya pansi ndi ya pamoto inkafuna manja ambiri, ndipo manja ambiriwo adachokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Agogo anga aamuna adanyamuka ku Dedza nkhondo yachiwiri itangotha, n'kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi. Adatsanzika kuti akukagwira zaka ziwiri, agule njinga ndi makina osokera, abwerere. Manda awo ali ku Kwekwe. Kumudzi anthu otere amatchedwa matchona. Kuno anzathu achishona ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale agogowo adamwalira asadaione Blantyre ndi maso.

M'komboni mwathu Chichewa chinali chilankhulo cha pa mpopi, cha pa maliro ndi cha mkangano. Lamlungu masana kunkatuluka gule, amene kuno amati zvigure. Ayao ankavina beni, ampingo ankaimba kwaya, ndipo m'mawayilesi munkalira sungura. Ine ndikukula, mfumu zake zinali Alick Macheso, amene ankatinyaditsa akalowetsa Chichewa m'nyimbo, ndi Tongai Moyo, mwana wa ku Kwekwe komwe kuno. Migodi ya dziko lino idabala magulu ake oimba: Hallelujah Chicken Run Band ya ku mgodi wa kopa wa Mhangura, mmene Thomas Mapfumo adaimbamo m'zaka za m'ma 1970, ndi Devera Ngwena Jazz Band ya Jonah Moyo ku Mashava. Pakati pa zonsezi, m'nyumba imodzi ya zipinda ziwiri munkatuluka phokoso lina lolemera, lokwawa pang'onopang'ono ngati lole yodzaza miyala pa chitunda. Imeneyo inali nyumba yathu, ndipo phokosolo linali Black Sabbath.

Ndili mwana ndinkachita nazo manyazi. Ndidadziwa mochedwa kuti kwa anthu a msinkhu wa bambo sizinali zachilendo kwenikweni. Iwo adabadwa mu 1956, tauni ikutchedwabe Que Que, ndipo unyamata wawo udagwa m'nthawi imene achinyamata akuda a m'matauni a Rhodesia ankasunga tsitsi, kuvala mabelu ndi kulilitsa gitala. Ku Bulawayo kunali Wells Fargo, gulu limene nyimbo yake ya Watch Out idakwiyitsa boma la Smith. Ku migodi ya kopa ya Zambia kunali WITCH ndi Amanaz, ndipo Paul Ngozi ankalilitsa gitala mwaukali womwewo. Bambo amati nyimbo ya Paranoid adayamba kuimva kwa anyamata oimba m'holo ku Amaveni, asadadziwe n'komwe kuti eni ake ndi azungu.

Zimbale zenizenizo zidabwera mu 1980. Nthawi imeneyo iwo anali sipanala boyi wa mzungu wina wa zamagetsi. Ufulu utabwera mzunguyo adalongedza kupita ku South Africa, n'kuwasiyira katoni ya zinthu zimene sizidakwane m'galimoto. M'katonimo munali nsapato zazikulu zosawakwana, magazini angapo a zoimbaimba, ndi zimbale ziwiri: Paranoid ya 1970 ndi Master of Reality ya 1971. Nsapato adagulitsa. Zimbalezo zilipo mpaka lero, zokulungidwa m'chitenje, pamwamba pa wadiropu.

Pambuyo pake bambo adakagwira ntchito zaka zambiri pa chigayo cha miyala pa kamgodi kena kunja kwa tauni. Amene sadachionepo chigayo chotere aganize za mtondo wachitsulo wautali, wokhala ndi minsi isanu yachitsulo, uliwonse woti anthu awiri sangaunyamule. Minsiyo imakwezedwa ndi kugwa mosinthana, usana ndi usiku, kusinja mwala mpaka usanduke phala loti golide apatuke. Phokoso lake sulimva ndi makutu okha. Limalowera m'mapazi, kukwera m'miyendo, n'kukhazikika pachifuwa. Zotseka m'makutu kunalibe. Ena ankatsekamo thonje. Kumeneko ndi kumene kudapita makutu a bambo anga. Chodabwitsa n'chakuti akaweruka, m'malo mofuna bata, ankafika n'kuika chimbale. Amayi ankati, "Tsiku lonse muli m'phokoso, mwabwera nalonso kunyumba?" Iwo ankayankha kuti, "La kuntchito lija limandilamula. Ili ndimalilamula ndine."

Nditakula ndidawerenga kuti anyamata anayi a Black Sabbath, Tony Iommi wa gitala, Geezer Butler wa besi, Bill Ward wa ng'oma ndi Ozzy woimba, onse adakulira ku Aston, dera la mafakitale mu mzinda wa Birmingham, n'kuyamba kuimbira limodzi mu 1968. Ward wakhala akufotokoza kuti ali mwana ankagona akumva nyundo za m'mafakitale zikugunda usiku. Ozzy asadaimbe adagwirapo ntchito kophera ng'ombe. Bambo sadafike ku Aston, koma phokoso la kumeneko adalizindikira ngati mmene munthu amazindikirira kalankhulidwe ka kwawo pakati pa chigulu pa depoti.

Nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya zala za Iommi. Adaitola m'magazini aja, ndipo ankaikamba ngati nkhani ya mwana wa mlongo wawo. Mnyamatayo ali ndi zaka 17 ankagwira ntchito m'fakitale ya malata. Pa tsiku lake lomaliza, atatsanzika kale kuti akupita kukaimba, adamuika pa makina amene sadawazolowere, ndipo makinawo adadula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja, chapakati ndi choyandikana ndi kachala kakang'ono. Popeza Iommi ndi wamanzere, zala zimenezo ndi zimene amadina nazo nsambo. Mkulu wake wa kuntchito adamubweretsera chimbale cha Django Reinhardt, katswiri wa gitala amene ankaimba ndi zala ziwiri zokha zamphamvu dzanja lake litapsa ndi moto. Iommi adasungunula botolo lapulasitiki la sopo wotsukira mbale, n'kuumba tizisoti ta zala, n'kutikuta ndi chikopa. Adaika nsambo zopyapyala, ndipo pofika pa Master of Reality adazimasula m'nyimbo zina, monga Children of the Grave ndi Into the Void, kuti zisamalimbe kwambiri pansi pa zalazo. Nsambo yomasuka imalira pansi, mozama. Mbali yaikulu ya kulemera kumene dziko lidakutcha heavy metal idachokera pamenepo, pa munthu wofuna njira yoti dzanja lovulala lipitirize ntchito.

M'komboni mwathu zala zoduka sizinali nkhani. Pa maliro, anthu akamasamba m'manja asanadye nsima, unkatha kuwerenga amene adagwirapo ntchito ya pansi, ya pa lamba kapena ya pa ng'anjo. Koma onse amene bambo ankawadziwa, makina atawaluma, adatsika: wina adakhala mlonda, wina wosesa, wina adabwerera ku mowa. Uyu yekha ndi amene makina adamuluma iye n'kusandutsa bala lake chinthu chimene dziko lonse lidagula. Sankamutchula dzina kawirikawiri. Ankangoti "wa zala uja".

Mnzawo wokambirana naye anali mmodzi yekha, amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene ankagwira ntchito youmba zitsulo pa kampani ina m'tauni. Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankabwera pa njinga, chibuku chili pakaliyala, n'kukhala pakhonde. Makaseti ena onse adabwera nawo ndiwo, ojambulidwa kuchokera ku makaseti ena ojambulidwanso, mayina olembedwa ndi bolopeni: Vol. 4, Sabbath Bloody Sabbath, Sabotage. Kaseti imodzi yokha ndi imene bambo adagula okha kwa mayi wina wochita geni yodumpha malire, Heaven and Hell. Pa kaseti imeneyo ndi pamene padagona mkangano wa zaka makumi awiri.

Mu 1979 anzake adamuchotsa Ozzy m'gululi chifukwa cha mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, n'kutenga Ronnie James Dio, wa ku America, amene ankaimba m'gulu la Rainbow. Chimbale chawo choyamba ndi Dio chidatuluka mu April 1980, mwezi womwe Zimbabwe idalandira ufulu. Kwa amalume, pamenepo padali pa manda.

"Alamu," ankatero, "gulu lija lidatha mu 1979. Chidatsalacho ndi dzina. Galu mutamutcha Mkango sabangula ayi."

"Alamu, vuto lanu mumamvera pakamwa," bambo ankayankha. "Ine ndimamvera dzanja. Woimba ndi mlendo, amabwera n'kupita. Mwini mudzi ndi wa gitala."

"Mudzi wanji wopanda eni ake? Anayi aja ndi ana a komboni imodzi. Adakulira limodzi, njala adaionera limodzi. Uyu wa ku America amaimba bwino, sindikukana, mawu ake ngosalala ngati a kwaya. Koma si wa pamenepo."

"Nanga Technical Ecstasy ndi Never Say Die! si Ozzy wanu yemweyo? Mudazimverapo kawiri?"

Apa amalume ankakhosomola, chifukwa onse awiri ankagwirizana kuti zimbale za 1976 ndi 1978 zimenezo zinali za anthu otopa. Ankathawira ku chimbale choyamba, chimene chidatuluka Lachisanu pa 13 February 1970, nyimbo zake zitajambulidwa tsiku limodzi lokha. Ankati imeneyo ndiyo ntchito ya amuna: kulowa shifiti m'mawa, kutuluka madzulo katundu atatha. Bambo ankabweza kuti pa anthu onse amene adadutsa m'gululi, ndi Iommi yekha amene sadachokepo. Adaimba ndi Dio, adaimba ndi Ian Gillan pa Born Again mu 1983, adaimba ndi Tony Martin zaka zimene anthu ambiri adaleka kugula, koma iye ali pomwepo, tizisoti tili kuzala. Chibuku chikatha mkangano unkaimikidwa, osagamulidwa, kudikira Lamlungu lina. Ine ndinkakhala pansi pa zenera ndikusenda mtedza, osadziwa kuti ndikumvera zoposa nyimbo.

Amayi anali ndi mlandu wawo wapadera. Iwo ndi a Chigwirizano ku CCAP, ndipo dzina lokhalo la gululi, Sabata Lakuda, linkawaimitsa tsitsi. Azimayi anzawo ankanong'ona kuti kunyumba kwa uje amaimba za Satana. Bambo ankayesa kufotokoza kuti dzinalo anyamatawo adalitenga ku kanema woopsa wa 1963 wa Boris Karloff, ndi kuti mitanda imene ankavala pakhosi adawasulira bambo ake a Ozzy, amene anali mmisiri wa zitsulo. Amayi ankati ngakhale mfiti imalowa m'tchalitchi. Tsiku lina mu 2001, ine ndili ndi zaka 11, adagamula: "Mwana wanuyu amakhoza Chingerezi kusukulu. Atiuze zimene akunena anthu amenewa. Zikakhala za mdima, makaseti onsewa akupita m'chimbudzi."

Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yoyamba yomasulira. Ndidakhala madzulo atatu ndi kope la masamu, khutu lili pa sipika, ndikubweza kaseti ndi bolopeni kuti mabatire asathe. Chingerezi cha ku Birmingham chinkameza mawu, ndipo malo ambiri ndidangoganizira. Komabe ndidatolapo zokwanira. War Pigs inkadzudzula akuluakulu a nkhondo ndi andale amene amayambitsa nkhondo n'kutumiza osauka kukafa. After Forever, imene mawu ake adalemba Butler, mwana wa banja lachikatolika, inkafunsa womvera za moyo wake pambuyo pa imfa, ndipo inkaima poyera kumbali ya chikhulupiriro mwa Mulungu. Ndidawerenga zimenezi pamaso pa onse nditaima ngati pa Sande sukulu. Amayi adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Mawu ake ndi a mlaliki, koma kaimbidwe kake n'ka munthu wogwidwa ndi ziwanda." Makaseti adapulumuka. Lamulo lidangokhala loti Lamlungu asalire dzuwa lisadapendeke.

Ndiulule pano zimene sindidaulule tsiku lija. Nyimbo yoyamba pa Master of Reality, Sweet Leaf, imene imayamba ndi munthu akutsokomola, ndi yotamanda chamba. Ndidazindikira, chifukwa mwana wa m'komboni amadziwa fungo la tsamba limenelo. Ndidauza amayi kuti ndi ya mnyamata wokonda mtsikana. Sikunali kunama kwathunthu, popeza ndi nyimbo yachikondi ndithu, koma ndidasankha mbali, ndipo ndidasankha makaseti a bambo. Ndaphunzira zomasulira mpaka digiri yachiwiri, ndawerenga mabuku ambiri okamba za kukhulupirika kwa womasulira, koma palibe limene lidandiphunzitsa zambiri kuposa bodza laling'ono limenelo. Phunziro lina lidachokera kwa bambo. Ndinkayembekeza kuti adumpha ndi chimwemwe pomva tanthauzo la nyimbo zimene adazimvera zaka 21 osamva mawu ake. Nditamaliza kufotokoza War Pigs adangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Zimenezo gitala adandiuza kale."

Chaka chomwecho cha 2001 boma lidasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adayenera kukana unzika winawo motsata malamulo a dziko limenelo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Anthu ambiri a m'migodi ndi m'mafamu, ana ndi zidzukulu za Amalawi, Amozambiki ndi Azambia, adadzuka ali alendo m'dziko limene adabadwiramo. Ankauzidwa kuti akakane Malawi imene sadakhalepo nzika zake pa pepala lililonse. Pa zitupa zawo panali mawu akuti alien. Pa chisankho cha pulezidenti cha March 2002 bambo ndi amalume adaima pamzere kuyambira m'bandakucha, n'kubwezedwa onse awiri. Bambo adabwera kunyumba, adavula nsapato, adaika Sabotage, chimbale cha 1975 chimene anyamata aja adajambula ali pa milandu ndi owayendetsera ndalama, n'kukhala maso ali kudenga. Amalume sadakhale pansi n'komwe. Adati, "Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ine ndikupita kwathu."

Adagulitsa njinga ndi wayilesi, adatenga tchuthi chachitali, n'kukwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, njira ya makolo awo koma chobwerera. Adafika ku Dedza dziko likungotuluka m'njala yaikulu ya chaka chimenecho. Abale adawalandira bwino, nkhuku idaphedwa ngakhale zinthu zinali zovuta. Koma patapita milungu ingapo mafunso adayamba, aulemu ndithu, ofunsa kuti kodi tchuthi chitha liti. Minda inali ndi eni ake. Ana ankaseka Chichewa chawo chosakanizika ndi Chishona, ndipo pamsika ankadziwika kuti Mzimbabwe uja. Patatha miyezi isanu ndi iwiri tidangoona atulukira ku Gaika, ataonda, atanyamula kachikwama kamodzi ndi thumba la mbatata ya kachewere.

Za ulendowo sadakambe zambiri. Lamlungu lotsatira adabwera wapansi, adakhala pamalo pawo pakhonde. Bambo adatulutsa Paranoid kuti awasangalatse. Amalume adakweza dzanja.

"Alamu, taikani ya mlendo ija."

Bambo sadanene kanthu. Adaika Heaven and Hell, ndipo adaimvera mbali zonse ziwiri osayankhulana. Itatha amalume adapukuta kumaso n'kunena kuti, "Amaimba mwana ameneyu. Koma si Sabbath." Mfundo yawo sadaisiye mpaka imfa. Chidasintha n'chakuti Lamlungu lililonse kuyambira pamenepo ankaipempha kasetiyo.

Zaka zotsatira zidatiphwanya tonse. Mu 2008 ndalama idasanduka mapepala, ng'anjo za Zisco zidazima, ndipo makampani ang'onoang'ono amene ankadalira chitsulo adatseka limodzi ndi limodzi, kuphatikizapo ya amalume. Zimene adasunga moyo wawo wonse sizidakwane kugula thumba la ufa. Adamwalira chakumapeto kwa 2010, miyezi yochepa Dio atamwalira pa 16 May chaka chomwecho. Golide wa Kwekwe adapita m'manja mwa makorokoza, anyamata okumba ndi manja m'migodi yakale, ambiri a iwo anzanga a kusukulu. Akumba pansi pa tauni mpaka mu March 2023 pansi pa kalasi ya sukulu ya pulayimale ya Globe and Phoenix padagumukira m'dzenje ana ali mkati. Bambo adagulitsa galamafoni kuti andilipirire mayeso. Zimbale ziwiri zija adakana kugulitsa, ngakhale panalibenso choziimbira.

Pa ntchito yanga ndafunsidwapo kangapo kuti heavy metal ndingaimasulire bwanji m'Chichewa. Nthawi zambiri ndimangoisiya momwemo, chifukwa ndi dzina. Koma mumtima ndimati chitsulo cholemera, ndipo ndikatero Chichewa chimachita zimene Chingerezi sichingathe. Kwa ife kulemera ndi kwa katundu wothyola msana, komanso ndi kwa munthu wachuma. Golide ali nazo zonse ziwiri: ndi wolemera kuposa chitsulo kawiri ndi theka, ndipo walemeretsa anthu ambiri amene sadamunyamulepo. Pafupi ndi liwu limeneli pali ena omveka ngati abale ake: kulema, kumene kuli kutopa, kulemala, kumene kudagwera zala za Iommi ndi makutu a bambo, ndi kulemekeza, kumene kuli kupatsa munthu kulemera kwake. Moyo wa amuna a m'komboni mwathu ukukwana m'mawu anayi amenewa, ndipo lachinayilo ndi limene adalandira mochepa kwambiri. Ndikuganiza kuti bambo adalipeza m'zimbale zija. Phokoso limene lidawalemetsa ndi kuwalemaza, anyamata anayi a ku komboni ina ya kutali adalitenga n'kulikonza kukhala chinthu choti munthu akhale pansi n'kuchimvera mwaulemu.

Mu 2013 dziko lidalandira malamulo atsopano. Malamulowo adavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera ku dziko la m'chigawo cha SADC, amene akukhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa, ndipo Chichewa chidawerengedwa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndidawaperekeza bambo kukasintha chitupa. Ali ndi zaka 57 adakhala nzika ya tauni imene mchombo wawo udakwiriridwa. Chaka chomwecho Ozzy, Iommi ndi Butler adatulutsa chimbale chotchedwa 13, choyamba cha nyimbo zatsopano ndi Ozzy chichokereni 1978, koma Ward sadalimo chifukwa sadagwirizane pa za mgwirizano wa malipiro. Ndidawagulira. Atamvera ndidawafunsa ngati tsopano gulu labwerera mwakale. Adati, "Wobwerera sapeza mudzi umene adausiya. Afunse alamu anga." Kenaka adakumbukira kuti alamuwo kulibe, n'kutembenukira kukhoma.

Anayi onsewo adadzaimanso limodzi pa 5 July 2025 pa bwalo la Villa Park ku Aston, pafupi ndi misewu imene adakuliramo, koyamba m'zaka 20. Ozzy adaimba atakhala pampando chifukwa matenda a Parkinson adamulanda miyendo. Adaimba nyimbo zinayi zokha, yomaliza Paranoid. Patatha masiku 17 adamwalira, ali ndi zaka 76. Mwana wa komboni adabwerera kwawo, adatsanzika, n'kugona. Agogo anga sadaupeze mwayi umenewo, ndipo amalume ataufunafuna adakapeza kuti kwawo kunali kumene adachokako.

Ndidafika ku Gaika cha m'ma 11 koloko, kukuzizira, fumbi loyera la m'migodi lili pa masamba a mango. Bambo anali pakhonde pamalo pawo akale, atavala chipewa chaubweya. Titapatsana moni ndidakokera mpando ku khutu lakumanja.

"Ababa, ndabwera ndi uthenga. Ozzy watisiya. Lachiwiri lapitali."

Adandiyang'ana pakamwa kuti atsimikize. Adavula chipewa n'kuchiika pa bondo. Patapita kanthawi adafunsa, "Nanga wa zala uja?"

"Ali moyo."

"Ndiye silidathe," adatero, ngati akuyankha munthu wokhala pa mpando wachitatu. Adakhalanso chete. Kenaka adati, "Koma alamu anga akadalira lero. Tiike zawo."

Ndidalumikiza foni ku kasipika kamene ndidawagulira chaka chatha. Adasankha okha Master of Reality, chimbale cha anayi a komboni imodzi. Ndidakweza mpaka pamapeto, koma ndidaona pankhope pawo kuti mawu a woimbayo sakuwafika. Adatenga kasipikako n'kukaika pachifuwa, chikhatho chili pamwamba pake. Into the Void itayamba, nsambo zomasuka zija zikukwawa pansi, phazi lawo lidayamba kugunda simenti pang'onopang'ono, ngati munsi umodzi wa chigayo.

Amayi adatuluka ndi tiyi ndi mbatata. Adaima pakhomo kumvera phokoso limene adalimbana nalo zaka zonse za ukwati wawo, n'kundifunsa ndi maso. Nditawauza, adaika thireyi pansi, adagwada pang'ono pafupi ndi khutu la bambo monga achitira pa siwa, n'kunena mokweza, "Pepani, bambo."

Bambo adavomera ndi mutu, dzanja lili pa sipika.